Mkono umene sunkakwera

Mu 2019, nditangomaliza kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa ya m'bere imene ndinapezeka nayo, dokotala anandiuza kuti chimene chatsala ndi radiotherapy, chithandizo chopha khansa ndi mphamvu yosaoneka yochokera m'makina, ndipo popeza makina ake kunalibe m'dziko muno, ndinayenera kukalandira chithandizocho kunja. Bere lakumanja anali atalichotsa kale pamodzi ndi anabere a m'khwapa, ndipo ena mwa anaberewo anapezeka ndi khansa. Chimenecho ndicho chinachititsa madokotala kunena kuti opaleshoni ndi kemo sizinali zokwanira, pakuti tizidutswa ta matendawa tikhoza kutsalira pachifuwa ndi m'khwapa popanda diso kapena makina ojambulira kutiona. Achibale anasonkha ndalama, kusukulu kumene ndimaphunzitsa anandiwonjezera tchuthi, ndipo tinagwirizana za Lusaka chifukwa nkofikirika pa basi, komanso mlamu wanga anali ndi mnzake ku Kabwata amene analola kutisunga.

Aliyense wobwera kudzandizonda masiku amenewo ankabwera ndi nkhani yake ya munthu amene "anakamuwotcha". Azakhali anga anali atamva za mayi wina amene anabwerako chifuwa chonse chili chilonda. Mayi wina wa kutchalitchi anandinong'oneza kuti ndikadzabwerako ndisadzagone chipinda chimodzi ndi mwana wanga wotsiriza, amene panthawiyo anali mu Sitandade 2, chifukwa mphamvu ya makinawo imatsalira m'thupi. Ndikatsegula intaneti usiku ndinkapeza zithunzi za akazi achizungu, pamodzi ndi malangizo akuti khungu likafiira ndikauze namwino. Khungu langa ine silifiira. Panalibe tsamba limene linkandionetsa mmene chifuwa cha munthu wakuda chimaonekera pambuyo pa chithandizochi, choncho zithunzi ndinkajambula ndekha m'mutu, ndipo zonse zinali za moto.

Ku Kawale

Namwino wina wa kumene ndinkalandirira kemo ndiye anaona kuti ndasiya kufunsa mafunso. Anandipempha kuti ndikakumane ndi mayi wina amene anadutsa njira yomweyi zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo ndinavomera mwaulemu chabe, pakuti ndinkayembekezera vesi, pemphero ndi mawu akuti "limbani mtima", zimene anthu ondikonda anali atandipatsa kale zochuluka.

Amayiwo anali a msinkhu wa mayi anga, ndipo ankagulitsa zitenje mumsika. Titapatsana moni sanayambe ndi tiyi monga ndinkaganizira. Anatuma mdzukulu wawo kukagula shuga, anapempha mchemwali wanga amene anandiperekeza kuti akhale kaye pabalaza, ndipo ine ananditengera kuchipinda nakhoma chitseko.

"Mwananga, anthu akuuzani zambiri," anatero. "Ine sindikuuzani kanthu musanaone."

Anamasula mabatani a bulauzi yawo, naima pafupi ndi zenera kuti kuwala kuwafikire bwino. Mbali yakumanzere ya chifuwa chawo inali yosalala, ndi chipsera chachitali chochokera pakati pa chifuwa kukafika m'khwapa, chofanana kwambiri ndi changa. Chimene ndinali ndisanachionepo chinali khungu lozungulira chipseracho. Linali loderako kuposa khungu lina lonse, ndipo kuderako kunali ndi malire owongoka, ngati chigamba chimene telala wodziwa ntchito wachidula ndi kuchisoka pansalu. Panalibe chilonda, panalibe makwinya a munthu wopsa ndi moto, amene tonse timawadziwa kwa ana ogwera pambaula. Anagwira dzanja langa naliika pamenepo. Khungulo linali loumako ndi lolimbirako pang'ono, koma linali khungu la munthu wamoyo amene m'mawa womwewo anali atasenza mtolo wa zitenje.

Ndinalira, ndipo anandisiya kuti ndilire. Sanandiuze kuti zonse zikhala bwino. Atavala, anakhala pabedi nandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Tsopano ndione inu. Kwezani mkono uwo."

Ndinakweza mkono wakumanja, ndipo unaima utangofika pamlingo wa phewa. Kuyambira tsiku la opaleshoni ndinali kuusunga pafupi ndi thupi, poopa kung'amba chilonda, ndipo miyezi yonse ya kemo inadutsa ndikupesa tsitsi la mwana, kulemba ndi kuvala mongozemba ululuwo. M'khwapa munali kamtsempha kokokana kamene kankaoneka ndikayesa kutambasula. Ndinali nditazolowera moti sindinkauwerengeranso ngati vuto.

"Moto mukuuopawo kulibe," anatero amayiwo. "Koma ndi mkono uwu akhoza kukakubwezani kuti mukayambe mwauwongola, ndalama ya malo ogona ikutha."

Anayala mphasa pansi, naika mtsamiro, nandigoneka chagada mutu wanga uli pafupi ndi mwendo wa bedi. Anandiuza kuti ndikweze manja onse awiri kudutsa pamutu ndi kugwira mwendo wa bediwo, nkhope nditaipotolera pang'ono kumanzere, ndipo ndisagwedezeke. Anati umu ndi mmene ndidzagonere tsiku lililonse, pa thabwa lolimba, m'chipinda chozizira, chifuwa chili pamtunda. Dzanja lamanzere linafika msanga. Lamanja linakanika, ndipo nditalikakamiza phewa linayamba kunjenjemera mphindi imodzi isanathe. Iwo anali kuyang'ana wotchi yapakhoma.

Atandidzutsa anandiimika moyang'anizana ndi khoma, nandionetsa kuyendetsa zala pakhomapo kukwera m'mwamba pang'onopang'ono mpaka pamene ululu wayambira, kuima pamenepo ndikupuma mofatsa, kenaka kutsika. Pakhoma la chipinda chawocho panali timizere ta pensulo tokwera motsatizana, tozimirira ndi kale, ndipo sanatifufute. Anandiuzanso chinthu chimene panthawiyo sindinachione kulemera kwake: kuti ndisadalire iwo okha, koma ndipite kwa a mafizo kuchipatala akaone kamtsempha kaja ndi kundipatsa masewero oyenera chilonda changa, chifukwa opaleshoni yawo ndi yanga sizinali chimodzimodzi m'kati.

Tiyi tinamwa pambuyo pake, mchemwali wanga akudabwa kuti takhalitsa chotani kuchipinda.

Masabata otsalawo

Mantha sanathe tsiku lomwelo, koma anapeza ntchito. M'malo mogona ndikuganiza za malawi, ndinkadzuka kukaima pakhoma. A mafizo anandiwonjezera masewero ena a ndodo ya tsache ndi ena ochita chogona, ndipo anandifotokozera chifukwa chake mkono uyenera kukwera: uyenera kuchoka panjira ya mphamvuyo kuti ifike pachifuwa ndi m'khwapa popanda kugunda mkonowo, ndiponso munthu ayenera kukwana m'bowo la makina ojambulira m'thupi otchedwa CT ali m'kagonedwe komweko.

Amayi a ku Kawale anandilembetsa zoti ndinyamule, ndipo mndandanda wawo sunali umene ine ndikanalemba. Anayamba ndi mapepala: lipoti la ku labu lofotokoza mtundu wa chotupacho ndi chiwerengero cha anabere amene anapezeka ndi matenda, lipoti la opaleshoni, khadi la kemo losonyeza mankhwala ndi masiku ake, ndi zojambula zonse, chilichonse chili ndi fotokope yake m'chikwama china. Dokotala wa kuja sakudziwani, anatero, adziwa pepala. Kenaka anatchula malaya akale a thonje a amuna anga, otakasuka ndi ofewa chifukwa chochapidwachapidwa, sopo wopanda fungo, ndi kope lolembamo mafunso, pakuti munthu ukalowa kwa dokotala zonse zimene unakonza zimathawa. Bra wa waya ndi bere loikirira anati ndisiye kunyumba.

M'chipinda cha makina

Ulendo wa ku Lusaka ndi wa makilomita pafupifupi 700, kudzera ku Mchinji, chipata cha Mwami, Chipata ndi mlatho wa Luangwa. Chipatala cha Cancer Diseases Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi University Teaching Hospital, chinali kulandira odwala a m'zigawo zonse za Zambia ndi ena a ife ochokera kunja.

Tsiku loyamba sapereka chithandizo. Ndi tsiku loyeza. Anandigoneka pa thabwa lopendekeka lokhala ndi zogwirira kumutu, ndipo mtsikana woyendetsa makinawo atati, "Amai, kwezani manja," mkono wanga unakwera nkukagwira. Palibe amene anaombera m'manja, chifukwa kwa iwo chinali chinthu wamba. Anandijambula ndi CT, nandilemba mizere pakhungu, nandiboola timadontho tating'ono tosafufutika timene tidzawathandize kundigoneka pamalo omwewo tsiku lililonse. Pambuyo pake panali masiku odikira, pamene dokotala ndi akatswiri owerengera mphamvuyo ankakonza pakompyuta mbali imene idzalowere ndi kuchuluka kwake, kuti ifike pamene ikufunika koma ipewe mapapo mmene kungathekere. Ndikanapanda kuuzidwa kale za kudikiraku, ndikanaganiza kuti andiiwala kapena apeza china choipa m'zojambulazo.

Ndondomeko imene ndinapatsidwa inali yakale ija yodziwika, ya masiku 25 m'masabata asanu, Lolemba mpaka Lachisanu, mlingo wonse wokwana 50 Gray (Gray ndiwo muyezo wa mphamvuyo). Ndinafunsa chifukwa chake sangangopereka zonse kamodzi munthu nkubwerera kwawo. Yankho lake linali lomveka. Mphamvuyo ndi ya mtundu wa X-ray koma yaikulu kwambiri, ndipo imawononga DNA, imene imayendetsa maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi. Maselo abwino amatha kudzikonza pakati pa tsiku ndi tsiku, pamene maselo a khansa sadzikonza bwino choncho, ndiye kugawa mlingowo m'tizigawo kumapatsa thupi mpata umene khansa singaugwiritse ntchito mofanana. Nchifukwa chakenso kudumphadumpha masiku nkoipa, popeza mpata ukatalika maselo a khansa otsala amayambanso kuchulukana.

Chithandizo chenichenicho nchachifupi modabwitsa. Nthawi yambiri imathera pa kugonekedwa, kukankhidwa pang'ono uku, kukokedwa pang'ono uko, mpaka timadontho tija tilingane ndi mizere ya kuwala yochokera m'makoma. Kenaka onse amatuluka, chitseko cholemera chimatsekedwa, ndipo umatsala wekha. Amayi a ku Kawale anali atandichenjeza za mphindi imeneyi kuposa ina iliyonse. Anati mtima udzakuuzani kuti akuthawa chinthu choopsa nkukusiyirani inu, koma iwo amatuluka chifukwa amagwira ntchitoyi tsiku lonse kwa zaka zambiri, pamene inu mlingo wanu ndi woyezedwa ndipo uli ndi polekezera. Akukuonani pa kamera ndipo akukumvani, mukakhosomola kapena kuitana amaimitsa. Makinawo amazungulira, amalira, amaima, amaliranso. Sumva kutentha, suona kanthu, sumva kuwawa. Chimene chinkandipweteka chinali phewa lokha.

Za mwana wanga wotsiriza ndinafunsa dokotala ndi pakamwa panga, nditawerenga m'kope lija. Anandiuza kuti mphamvu yochokera kunja kwa thupi imatha nthawi yomweyo makina akazimitsidwa, siitsalira m'thupi, m'zovala kapena m'mbale, ndipo ndikhoza kunyamula mwana ndi kugona ndi banja langa popanda choopsa. Chimene anandiletsa ndi kutenga pakati panthawi ya chithandizo.

Pa benchi

Munthu amakhala nthawi yaitali pa benchi yodikirira kuposa m'chipinda cha makina, ndipo nkhope zake zimakhala zomwezo m'mawa uliwonse. Panali amayi a ku Chipata ndi Katete amene tinkamvana nawo ngati a mudzi umodzi, ena olankhula Chibemba ochokera ku Copperbelt, ndi ena a ku Lusaka komweko a Chinyanja chawo cha m'tauni. Tinkasungirana malo pamzere, kubwerekana ndalama ya minibasi, ndi kufunsa za amene sanaoneke tsiku limenelo. Amene anali m'sabata yachinayi ankaphunzitsa amene angoyamba, ndipo sukulu imeneyi inalibe mphunzitsi wamkulu.

Apa ndiye ndinaona mbali ina ya kuthandizana kwa odwala, imene sitikonda kuitchula. Pa benchi yomweyo pamene ndinaphunzira kuika kansalu kofewa ka thonje m'khwapa kuti khungu lisakhulane, ndinamvanso kuti munthu sayenera kusamba pachifuwa masabata onse asanu. Ndinamva kuti madzi a khonje, mafuta a nsatsi kapena mankhwala otsukira mano amaziziritsa khungu. Ndinamva mayi wina akulangiza mnzake kuti khungu likayamba kuda apumule masiku angapo osabwera, kuti lisaphulike. Onsewa ankalankhula mwachikondi, ndipo chikondicho ndicho chinkapatsa mphamvu malangizowo, pakuti nkovuta kukana mawu a munthu amene wakugawira nthochi yake ndipo ali ndi chipsera chonga chako.

Anamwino ankanena zina. Ankati tisambe tsiku lililonse ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa, osakhula, osafufuta mizere, ndi kuumitsa mongogunditsa nsalu. Ankati tisadzole kanthu pamalopo kamene iwo sanavomereze, tisamete m'khwapa ndi lumo, tisaikepo botolo la madzi otentha kapena ayezi, ndipo tisaonetse malowo padzuwa. Kusiyana kwa amayi a ku Kawale ndi ena a pa benchi sikunali kwakuti iwo ankadziwa zambiri. Iwo ankanena zimene zinawachitikira, ndipo akafika pa zoti ine ndichite ndi thupi langa ankanditumiza kwa wodziwa. Ena aja ankatenga zimene zinawachitikira, kapena zimene anangomva, nkuzisandutsa lamulo la aliyense. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma amene wakutsinayo nayenso akhoza kukhala kuti anamva molakwa.

Mayi amene analangizidwa kupumula uja tinamuperekeza kwa namwino, ine ndi mnzanga wa ku Katete, ndipo anapatsidwa zomata pamalo osupukawo napitiriza osadumpha tsiku.

Pamene onse akuti zatha

Masabata awiri oyamba sindinaone kusintha kulikonse, moti ndinayamba kukayika ngati makinawo ankagwiradi ntchito. M'sabata yachitatu khungu linayamba kuda, kuuma ndi kuyabwa, ndipo malire owongoka aja anayamba kuoneka. Tsitsi la m'khwapa linathothoka, koma la kumutu, limene linali litangoyamba kumera pambuyo pa kemo, silinakhudzidwe, popeza radiotherapy imagwira pokhapo pamene yalunjikitsidwa. Kutopa kunabwera mwakachetechete. Sikunali kutopa kwa munthu amene walima, kumene tulo timachotsa. Ndinkadzuka ndili wotopa kale, ndipo ulendo wochokera pa siteji ya minibasi kukafika pachipata cha chipatala unkatalika tsiku ndi tsiku.

Chenjezo lofunika kwambiri la amayi a ku Kawale linali la nthawi imene chithandizo chatha. Anati khungu limafika poipitsitsa patapita sabata imodzi kapena awiri kuchokera tsiku lomaliza, chifukwa mphamvuyo imapitiriza kuonetsa zotsatira zake ngakhale makina atasiya. Zinachitikadi choncho. Ndinafika ku Lilongwe anthu akulululira, amayi a Chigwirizano anabwera ndi nyimbo ndi ufa, ndipo m'masiku omwewo khungu la m'khwapa linasupuka nkuyamba kutuluka madzi. Amuna anga anachita mantha nati matenda abwerera. Azakhali aja anapukusa mutu ngati munthu amene ulosi wake wakwaniritsidwa. Ine ndinali ndi kalata ya malangizo yochokera ku Lusaka, ndinadziwa kuti ndiyenera kupita kuchipatala kuti akatsuke ndi kumanga pamalopo ndi kuona ngati palowa tizilombo, ndipo ndinadziwa kuti zimenezi zimapola m'masabata ochepa. Nthawi imeneyi ndi yosungulumwitsa kuposa masiku a chithandizo, chifukwa benchi ija kulibenso, abale abwerera ku ntchito zawo, ndipo aliyense akuyembekezera kuti uzisangalala. Amayi a ku Kawale aja ankandiimbira foni madzulo, ndipo funso lawo silinali lakuti ndili bwanji. Ankafunsa ngati ndaima pakhoma tsiku limenelo, pakuti radiotherapy imaumitsanso minofu ya phewa, ndipo mkono umene unakwera ukhoza kutsikanso miyezi ingapo pambuyo pake munthu akasiya masewero.

Tsopano amatumiza kwa ine

Patapita chaka, namwino yemwe uja anandiimbira kuti pali mayi wina amene wasiya kufunsa mafunso. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikulandira amayi otere, ndipo tili ndi kagulu ka pa WhatsApp ka amene tinadutsamo. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti zimene amayi a ku Kawale ankachita m'chipinda chawo zili ndi mbiri yaitali. Mu 1952 mayi wina wa ku New York, Terese Lasser, atachotsedwa bere napeza kuti palibe womuuza za mkono, zovala kapena banja, anayamba kuyendera amayi anzake m'zipatala, ndipo ntchito yakeyo, Reach to Recovery, inatengedwa ndi American Cancer Society mu 1969. Amayi a ku Kawale sanamvepo za Lasser, koma onse awiri anayambira pamalo amodzi, pa mkono wa munthu wochitidwa opaleshoni.

Chimene chimandivuta tsopano nchakuti zimene ndinaona ine zikukalamba. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa START anasonyeza kuti 40 Gray m'masiku 15 imagwira ntchito mofanana ndi ndondomeko ya masiku 25, ndipo mu 2020 kafukufuku wina, FAST-Forward, anasonyeza kuti kwa odwala ambiri 26 Gray m'masiku asanu okha ndi yokwanira. Mayi wina m'gulu lathu atauzidwa kuti alandira masabata atatu, anabwera akulira, akuganiza kuti amuchepetsera chifukwa ataya naye chiyembekezo, popeza ife akale tonse tinkanena za masabata asanu. Nkhani zathu zomwe, zimene tinkamuuza kuti timulimbitse, ndizo zinamuopsa. Tinamufotokozera kuti masiku akachepa mlingo wa tsiku lililonse umakwera, ndipo tinamupempha kuti akafunse dokotala wake chifukwa chimene anamusankhira ndondomeko imeneyo.

Palinso njira imene ine sindinaifune chifukwa bere langa linali lakumanja. Amene akulandira kumanzere, m'zipatala zimene zili ndi zipangizo zake, amaphunzitsidwa kukoka mpweya wambiri ndi kuusunga kwa masekondi pafupifupi 20 pamene makina akugwira ntchito, chifukwa mapapo akadzaza amakankhira mtima kutali ndi khoma la chifuwa, ndipo mphamvu yofika pamtima imachepa. Zimenezi ndinaphunzira kwa mtsikana wina wa m'gulu lathu amene analandira chithandizo ku India, ndipo mayi wa bere lakumanzere akabwera kwa ine ndimamutumiza kwa iyeyo kuti akayeserere limodzi kupuma kumeneko, atafunsa kaye ngati kumene akupitako amachita zimenezi.

Si mayi aliyense amene amafuna kuona chifuwa changa, ndipo ndimafunsa ndisanamasule batani lililonse. Wina anandiuza mosabisa kuti sakufuna kuona chipsera cha munthu wina pamene chake chomwe sanachiyang'ane pagalasi, koma ankafuna kudziwa ngati angathe kupitiriza kugulitsa mandasi m'masabata a chithandizo. Tinakambirana za mandasi, za kutentha kwa chiwaya pafupi ndi chifuwa, ndi za mwana wake wamkulu amene akanatha kukazinga m'malo mwake. Mkono wokha ndiwo ndimapempha aliyense kuti akweze.

Makina afika, malo ogona sanafike

Zinthu zasintha m'dziko muno. Mu 2022 bungwe la International Atomic Energy Agency linaika Malawi m'gulu la maiko oyamba a ntchito yake ya Rays of Hope, yothandiza maiko kupeza chithandizo cha radiotherapy. Mu 2024 chipatala cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kupereka radiotherapy, ndipo mu 2025 National Cancer Centre ya ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe inatsegulidwa ndi makina ake. Mayi wa lero safunikanso pasipoti, ndalama zakunja kapena mnzake wa mlamu ku Kabwata, ndipo amene sanayendepo msewu wa Luangwa ali ndi chilonda m'khwapa sangadziwe kukula kwa mpumulo umenewu.

Koma chithandizocho chikadali cha tsiku ndi tsiku, ndipo wochilandira nthawi zambiri sagonekedwa m'chipatala. Mayi wa ku Karonga, Nsanje kapena Mangochi ayenerabe kupeza pogona mumzinda kwa masiku oyeza, masiku odikira ndi masabata a chithandizo, pamodzi ndi gadiyani wake, chakudya ndi ndalama ya minibasi kawiri patsiku. Mafunso obwera m'gulu lathu asintha chifukwa cha zimenezi. Kale ankafunsa za chipata cha Mwami ndi kusintha ndalama, tsopano akufunsa ngati pali amene ali ndi chipinda chapadera ku Area 18, Mchesi kapena Kawale. Ena mwa ife tayamba kusunga amayi otere m'nyumba zathu, koma sitinagwirizane za kayendetsedwe kake. Ena akuti wobwera azithandizako pa ufa ndi makala, kuti wosungayo asatope nkusiya. Ena akuti munthu amene wagulitsa kale mbuzi kuti afike ku Lilongwe sitingamupemphenso kanthu. Pakadali pano tikusonkha mwezi ndi mwezi ndalama yochepa yogulira makala ndi sopo wa nyumba zimene zalandira mlendo, ndipo mayi wa ku Chitipa amene ayambe chithandizo mwezi wamawa adzagona kwa ine, m'chipinda cha mwana wanga wamkulu amene ali kusukulu yogonera komweko.